Mwendo Waufupi wa a Lumo

A Lumo anali wometa, ndipo chimene ankanyadira kuposa ana awo chinali diso lawo. Ukawafunsa za ana, ankangoti ali bwino, n'kusintha nkhani. Ukalakwitsa n'kufunsa za diso, unkayenera kupeza pokhala. "Womanga nyumba amadalira levulo, telala amadalira tepi," ankatero uku akupukuta makina ndi kaburashi kothothoka, "koma ine levulo anandiikira m'mutu momwemu. Mzere wa pamphumi ndikaujambula, palibe wobwera kudzakonza."

Babashopu yawo inali kachipinda kamodzi, kopanikizika pakati pa sitolo ya zitsulo ndi malo okonzera mafoni. Munali mpando wozungulira womwe unasiya kuzungulira kalekale, benchi ya odikira, galasi lalikulu lakuda m'makona, ndi shelefu ya spiriti, pawuda ndi zipeso. Galasilo, shelefuyo ndi chikwangwani cha panja anakhoma okha poyeza ndi diso. Mwini sitolo ya zitsulo atafuna kuwabwereka levulo, anamuyankha kuti akabwereke anthu a maso ofooka.

Ntchitoyi anaiyamba ali mnyamata, pakhonde la sitolo, ndi sizasi, lezala ndi kagalasi ka m'manja. Amene anawameta pakhondepo anakula, anabereka, n'kubweretsa ana awo, anawo n'kudzabweretsanso awo. Pofika nthawi imene imvi zinawagwira, panalibe mwamuna pa msewu uja amene mutu wake sunadutse m'manja mwawo, kuyambira abusa mpaka oyendetsa njinga zamoto. Benchi sinkazizira. Ndipo moyo wa a Lumo unali pa benchiyo, kunyumba kunali kogona chabe. Analibe udindo kutchalitchi, analibe mpando mu komiti iliyonse, koma anthu olemera ndi ophunzira ankawaweramitsira mutu n'kukhala chete akangonena kuti musagwedezeke.

Anali ndi kametedwe kawo. Zithunzi za pa foni sankazilandira, ati mutu wa m'foni uli ndi wometa wake. M'mbali ndi kumbuyo ankameta akucheza, kukangana za mpira, kuweruza milandu ya m'mabanja a anthu omwe palibe. Koma ikafika nthawi ya mzere wa pamphumi, nkhani zonse zinkaima. Ankabwera kutsogolo kwa munthu, kuima njo, kutsinzina diso limodzi, kutulutsa kansonga ka lilime, ndipo a pa benchi ankasiya ngakhale kutsokomola. Dzanja linkayenda kamodzi kokha. Likafika kumapeto, a Lumo ankabwerera m'mbuyo pang'ono n'kudziguguda pamtima ndi chipeso, mkangano wa mpira n'kupitirira pomwe unalekera.

Poyenda ankagwera pang'ono kumanzere, ngati munthu amene akuvomereza nyimbo yomwe ena sakuimva. Mayi awo ankati mwanayu akakula zidzatha, koma sizinathe, ndipo iwo atakula anazitcha mayendedwe a munthu wolemekezeka. Nsapato zawo zinkatha mbali imodzi. Pa chifukwa chimenechi anayambana ndi osoka nsapato onse a m'deralo, mmodzimmodzi, powanena kuti ndi anthu osadziwa kuyeza.

Tsono tinene chilungamo, poti pa msewu uja panalibe wochinena. Mzere wa a Lumo unali wopendekeka. Unkayamba bwino pamwamba pa diso limodzi, n'kumatsetsereka pang'onopang'ono kulowera ku khutu linalo. Osati kwambiri ayi, mwina kunenepa kwa mitengo iwiri ya machesi. Koma popeza mwamuna aliyense anali nawo, bambo ndi mwana, m'busa ndi nkhosa, panalibe mutu woyerekezera. Anyani sasekana zikundu. Mlendo akafika ndi mzere wowongoka wochokera kwina, anthu ankamuyang'ana mwachifundo, ndipo wina wa mtima wabwino ankamutengera pambali n'kumulozera kwa a Lumo kuti akamukonze.

Kenako msana unayamba. Poyamba unali mlendo waulemu, wobwera madzulo n'kuchoka m'mawa, koma pakupita kwa nthawi unasamukiratu. Anapaka mafuta otentha mpaka makasitomala ankatuluka misozi. Anayesa kugona pa simenti. Anamanga nsalu m'chiuno pansi pa malaya. Zachipatala ankakana, ati msana wa wometa ndi wotero. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tsiku lina anawerama kuti atole chipeso ndipo sanawongokenso. Anangotsala chiweramire, akuyang'ana nsapato za wogulitsa nyama, amene anachita kutsika pampando ndi mutu wometedwa theka, nsalu ili m'khosi, kudzawanyamula ngati thumba.

Mwana wawo wachisamba, mayi wogwira ntchito ku banki amene anazolowera kuti akayankhula anthu amangosaina, sanafunse maganizo awo. Anawakweza m'galimoto n'kupita nawo kwa dokotala wowongola misana.

Ofesi ya dokotalayo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo masitepe ake anali ambiri moti ngakhale wobwera ndi msana wabwino ankafika pamwamba ali woyenera kuthandizidwa. Pa tebulo panali msana wa pulasitiki. Pakhoma panali masatifiketi m'mafelemu, ndi chithunzi cha munthu wosendedwa khungu akumwetulira. Dokotalayo anali bambo wonunkhira sopo, wa manja akuluakulu, ndipo ankakhulupirira kuti mavuto onse a munthu amachokera ku msana, kuyambira mutu ndi nkonono mpaka kusamvana m'banja. Ankayang'ana anthu monga kalipentala amayang'anira matabwa. Asanapereke n'komwe moni, anali atauza kale mwana wa a Lumo kuti phewa lake limodzi lakwera.

A Lumo nawo anali ndi mayang'anidwe awo. Atangolowa anaona kuti mzere wa pamphumi pa dokotalayo ndi wokhota, ndipo anamumvera chisoni. Munthu wa masatifiketi onsewa kumetedwa ndi wometa wosaona. Anatsimikiza mumtima kuti potuluka amuuza komwe kuli babashopu yawo.

Anawagoneka chafufumimba pa bedi lokhala ndi bowo lolowetsamo nkhope. Dokotala anagwira zidendene zawo n'kuzigundanitsa, anaziyang'ana, anazisiya, anazigundanitsanso, n'kupuma mwamphamvu ngati munthu amene wapeza chomwe anataya.

"Bambo, mwendo wanu wakumanzerewu ndi waufupi."

"Waufupi kuyerekeza ndi wa ndani?" anafunsa a Lumo kudzera m'bowomo.

"Ndi unzake."

"Ndiye mwadziwa bwanji kuti si unzakewo umene watalika?"

"Bambo, chonde," anatero mwana wawo.

"Asiyeni, mayi, ambiri amafunsa zomwezo," anatero dokotala akupinda manja a malaya. "Kaya wafupika uwu, kaya watalika uwo, chiuno chanu chakhala chopendekeka moyo wanu wonse. Chiuno chikapendekeka msana umakhota, mapewa amatsatira, mutu nawo umatsatira. Inuyo dziko mwakhala mukuliona chammbali."

"Ine?"

"Pumirani kunja."

Sanamalize n'kupuma komwe. Dokotala anawagwera pamsana ndi manja onse awiri, ndipo munalira ngati munthu akuthyola nkhuni pabondo. Anawatembenuza, anawapinda, anawapotoza khosi mbali iyi ndi iyo, a Lumo akuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Pomaliza anatulutsa m'kabati kampira kakuda, kooneka ngati chidutswa cha tayala, n'kukalowetsa m'nsapato yawo yakumanzere, pansi pa chidendene. Ati kameneka kasachoke kupatula pogona ndi posamba, ndipo abwerenso sabata yamawa, ndi inayo, ndi inayo.

A Lumo anavala nsapato n'kuimirira. Kaya chinathandiza ndi kuthyola kuja kaya ndi kampira, adziwa ndi Mulungu, koma ululu unali utachepa, ndipo zimenezi tisam'mane dokotala. Anakweza maso kuti athokoze. Mzere wa pamphumi pa dokotala unali wowongoka ngati m'mphepete mwa tebulo. Anauyang'ana nthawi yaitali, ndipo za babashopu sanazitchule.

Pobwerera anapempha mwana wawo kuti awatsitse pa ngodya ya msewu, ati akufuna kuyesa miyendo. Choyamba chimene anaona ndi chikwangwani chawo chitagwera mbali imodzi ngati chaledzera. Anaganiza kuti ndi mphepo. Kenako anakumana ndi mlonda wa pa sitolo ya mankhwala, amene anavula chipewa powapatsa moni, ndipo mzere wake unali wopendekeka. Abusa anatuluka mu sitolo ya zitsulo ndi misomali m'pepala, nawonso wopendekeka. Oyendetsa njinga zamoto, omwe anakhala pamzere pansi pa khonde, anatembenuka onse pamodzi kudzafunsa za msana, mphumi zonsezo zitatsetserekera mbali imodzi. A Lumo anamva manyazi amene sanawamvepo chibadwire. Moni sanayankhe bwino. Anangothawira m'babashopu, n'kupeza galasi ndi shelefu nazo zikuwadikira chopendekeka.

Kunyumba anapeza akazi awo akusita. Anaima pakati pa balaza n'kuyang'ana makoma.

"Amayi, shelefu iyi yapendekeka liti?"

"Tsiku lomwe munaikhoma," anatero akaziwo osakweza mutu.

"Nanga chithunzi cha ukwati wathuchi?"

"Nachonso ndinu."

"Ndiye inu mumadziwa?"

"Mumayesa mazira ndimaika m'mbale chifukwa chiyani? Ndikawasiya pa shelefupo amayamba ulendo. Ndipo mathalauza anu onsewa, mwendo umodzi ndimapinda ndine. Mukanakhala mukusesa nawo msewu."

"Zaka zonsezi, osandiuza?"

Akazi awo anaimika simbi. "Ndinakuuzani kamodzi, tili ndi mwana mmodzi. Ndinati kalendala yakhota. Munatha sabata mukundiyankha ndi mphuno. Ndinati basi, kukhota kwa kalendala sikusintha tsiku. Paja amati mako ndi mako angachepe mwendo. Mwamuna nayenso chimodzimodzi, abambo. Khalani pansi, tiyi wazizira."

A Lumo anali odzitama, koma sanali achinyengo. Ataganiza, anatsimikiza kuti zomwe anakhotetsa aziwongola okha, mutu ndi mutu, mwakachetechete, msewu wonse. Anayamba ndi kukhomanso galasi, shelefu ndi chikwangwani, ulendo uno ndi levulo yobwereka kutali, yomwe anaikulunga m'nyuzipepala podutsa nayo pa sitolo ya zitsulo. Akuluakulu anati kuwongola mtengo n'poyamba, koma a Lumo anadzilimbitsa mtima kuti tsitsi si mtengo, limamera latsopano mwezi ndi mwezi.

Woyamba anali wogulitsa nyama uja, amene anali atavala chipewa chiyambire tsiku la chipeso, podikira kudzamalizitsa theka lotsala. A Lumo anamumeta mosamala kuposa kale lonse, mzere woti ngakhale dokotala akanausirira. Wogulitsa nyama anadziyang'ana pagalasi, anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko.

"A Lumo, dzanja likunjenjemera lero?"

"Mzerewo uli bwino."

"Uli bwino pati? Mbali iyi yakwera. Taonani."

"Ndakhomanso galasi, n'chifukwa chake. Muzolowera."

Sanazolowere. Atafika kunyumba mkazi wake anamufunsa ngati wagwa. Mlonda atametedwa, bwana wake anamuuza kuti asiye kuyang'ana makasitomala mokwiya. Mwana wa woyendetsa njinga yamoto wina anakana kunyamulidwa ndi bambo ake. Abusa analalikira Lamlungu mpingo wonse ukuwayang'ana pamphumi, ndipo amayi ena anawafunsa potuluka ngati magazi akuthamanga. Mphekesera inayenda mofulumira kuposa njinga zamoto, yoti diso la a Lumo lapita. Ena ankati ndi ng'ala. Ena ankati dokotala uja popotoza khosi anadula kamtsempha kolumikiza diso ndi dzanja, ndipo analipo woti msuweni wake zinamuchitikirapo.

Abusa, monga mwa ntchito yawo, anabwera kudzawakhazika mtima pansi. Anakhala pa benchi, chipewa osavula.

"A Lumo, ukalamba si tchimo. Magalasi a maso si chinthu chochititsa manyazi, inenso ndimavala powerenga."

A Lumo anayang'ana pansi, kenako anayesa mwayi wawo. "Abusa, bwanji zitakhala kuti mzere wakale uja ndi umene unali wokhota?"

Abusa anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ndiye kuti mpingo wonse ndi wokhota, ndi ine ndemwe? Bambo anga munawameta ndinu mpaka tsiku lomaliza, munthu waukhondo ngati uja akanalola? Musadzivutitse ndi maganizo otere, ndi matendawa. Tikupemphererani." Anawagwira paphewa, n'kutuluka, n'kuwoloka msewu.

A Lumo sanayesenso. Akanapitiriza bwanji? Kuti abale anga, zithunzi zanu za ukwati, za pa ziphaso, za makolo anu zomwe munapachika m'mabalaza, zonsezo ndinazipendeketsa ndine? Munthu amene wakula akuona mzere umodzi pagalasi, pa bambo ake ndi pa m'busa wake, sungamuuze lero kuti ndi wokhota iye n'kukuthokoza. Benchi inazizira. Msana unali bwino kwambiri. Ankaima pakhomo mowongoka ngati msilikali, wometedwa palibe.

Tsidya la msewu, komwe abusa analowera, kunali babashopu ina, ya bambo wachinyamata amene anthu ankamutcha Wailesi chifukwa cha phokoso la nyimbo zake. Zaka zonsezi ankangotola otsala, alendo ndi anthu ofulumira. Tsopano a Lumo ankaona makasitomala awo akuwoloka mmodzimmodzi, ena akunamizira kuyankhula pa foni podutsa. Chimene chinawawawa kwambiri n'chakuti potuluka kwa Wailesi mizere yawo inali yopendekeka, mbali yomweyo, ndipo ankayenda mokhutira.

Masana ena a Lumo anavula epuloni n'kuwoloka. Wailesi atawaona anatsitsa nyimbo, zomwe sanachitirepo ngakhale apolisi.

"Takulandirani, madala. Khalani apa."

"Sindikhala. Iwe, miyendo yako ndi yofanana?"

"Ndikuganiza choncho, madala."

"Ndiye mizere yokhotayi ukuitenga kuti?"

Wailesi anayang'ana kukhomo ngati kuli womvetsera, kenako anatsitsa mawu. "Kwa inu, madala. Ine nditangofika pano ndinkameta mowongoka, momwe anatiphunzitsira. Anthu ankabwerera kudzandilalatira, ati ndawawononga. Ndinatsala pang'ono kutseka. Ndiye ndinkakhala pakhomo apa kumayang'ana mitu yochokera kwanu, mpaka ndinaona pomwe pagona nkhani. Pofika pa mzere ndimachita chonchi." Anapinda bondo lakumanzere pang'ono, phewa n'kugwa, mutu n'kutsatira, ndipo a Lumo anadziona okha ataima patsogolo pawo. "Koma sindifika pa inu, madala, ndisaname. Wangawu ndi wochita kuphunzira. Wanu uja unali wachibadwa."

Ananena mwaulemu, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka. A Lumo anabwerera osatsanzika.

Ngati Wailesi angakhotetse dala, iwonso akhoza, anaganiza choncho. Anaitanitsa mkamwini wawo, munthu yekhayo padziko amene sakanakana, n'kumukhazika pampando. Anapinda bondo monga anaonera. Koma dzanja lomwe lakhala zaka zonse likukhulupirira kuti likujambula chowongoka silidziwa kunama dala. Linatsetsereka kwambiri. Pokonza linakwera kwambiri. Pokonzanso mphumi ya mkamwini inafika pakati pa mutu, ndipo nkhani inathera pa mpala. Mkamwini anathokoza, ati kunja kukutentha ndithu, koma mkazi wake, mwana wa a Lumo, sanawayankhule bambo ake mpaka tsitsi litamera.

Atapitanso kwa dokotala, nkhope ili m'bowo muja, anafunsa ngati kampirako angamakachotse nthawi ya ntchito.

"Mukatero, bambo, ululu ubwerera, ndipo ubwera ndi abale ake. Vuto n'chiyani?"

Anamufotokozera zonse, poti kuyankhula ndi pansi n'kosavuta kusiyana ndi kuyankhula ndi munthu. Dokotala anamvetsera mwachidwi chachikulu. "Msewu wonse? Anthu amenewo makosi awo ayenera kuti ndi okhota. Muwauze abwere kuno." Atatero anawagwera pamsana.

Akazi awo anali ndi maganizo ena. Tsiku lina atabweretsa chakudya cha masana anawapeza akusesa pansi popanda tsitsi n'limodzi lomwe. Anaika kontena pa benchi n'kukhala pambali pake.

"Abambo, tsekani. Ana anakula, sitigona ndi njala. Panopa mumagona osabuula, mumatola chinthu pansi n'kudzuka nokha. Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati ndi benchi."

"Nditseke ndizikatani?"

"Muzikakhala. Anzanu amakhala."

"Amayi, amene amakhalawo anatseka akuwomberedwa m'manja. Ine nditseke akunena kuti ndinatha?"

Akazi awo anawayang'ana, ndipo anawamvera chisoni, chifukwa ankawadziwa. Anangowauza kuti adye chisanazizire.

Amene anamaliza nkhaniyi ndi a Dalaivala, nkhalamba yomwe inayendetsa basi mpaka maso atakana, kasitomala wawo woyamba wa pakhonde paja. Anali atapita kukakhala kwa mwana wawo miyezi ingapo chifukwa cha matenda, ndipo anabwerako atawonda, tsitsi lili nyankhalala. Analowa ndi ndodo yawo m'mawa wina n'kudzikweza pampando osapereka moni.

"Ndamva zonse," anatero. "Akuti mwatha. Ndawauza kuti ine msewu sindiwoloka. Kuja mwana wanga amafuna kundipititsa kwa wometa wa kwawo, ndinakana, ndinati mutu uwu uli ndi mwini wake. Ndimeteni monga mwa masiku onse, achimwene. Sindikudziwa kuti ndibweranso kangati."

Pakhomo panayamba kusonkhana anthu. Wogulitsa nyama anaima ndi epuloni yake ngati akungodutsa. Mlonda naye anafika, ndi awiri atatu a njinga zamoto. Anabwera kudzaona mmene nkhalambayo iwonongedwere.

A Lumo anaifunditsa nsalu, ndipo pomanga m'khosi anaona kuti mfundo yafika pomwe sinkafika kale. Anameta m'mbali ndi kumbuyo pang'onopang'ono, mochedwetsa dala. Koma mutu wa munthu uli ndi malire, ndipo pomaliza panatsala pamphumi pokha. Anazimitsa makina. Anati akukatenga lezala latsopano, n'kulowa kuseri kwa katani komwe ankasungako ndowa ndi tsache. Kumeneko anavundikira ndowa n'kukhalapo, anavula nsapato yakumanzere, anatulutsa kampira n'kukaika m'thumba la epuloni. Ataimirira, chiuno chinagwera m'malo mwake mwakale, ndipo ululu unalowa osagogoda, poti nyumbayo unkaidziwa.

Anatuluka akugwera kumanzere. Dzanja silinafunse funso. Linayamba pamwamba pa diso limodzi n'kuyenda lokha mpaka ku khutu linalo, osabwereza. Anapukuta ndi spiriti, anathira pawuda, n'kupatuka kuti nkhalamba idzione.

A Dalaivala anadziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza ndodo n'kukodola a pakhomo aja. "Tabwerani kuno, amiseche inu. Diso lake liti limene lapita? Munaonapo mzere wowongoka chonchi?"

Anapanikizana pagalasi. Wogulitsa nyama anavomereza ndi mutu, ati apa ndiye a Lumo abwerera, ndipo anakhala pa benchi osafunsa. Mlonda anakhala pambali pake. Mmodzi wa a njinga zamoto anathamanga kukauza anzake.

A Lumo nawonso anayang'ana. Ataima pa mwendo wawo waufupi, mzerewo unkaoneka wowongoka bwinobwino, ndipo galasi ndi limene tsopano linkaoneka lokhota. Diso lawo linkawauza zimenezi motsimikiza monga linkachitira kale, koma iwo ankadziwa kuti likunama. Anasangalala kuona benchi itadzaza, tisabise, koma m'chisangalalocho munali manyazi, ndipo manyaziwo sanachokenso. Anagwira mpando ndi dzanja limodzi mpaka ululu utadutsa, anakutumula nsalu, n'kuitana wotsatira.

Mpaka lero amatero. M'mawa akafika amachotsa kampira, n'kumeta tsiku lonse chopendekeka, benchi ili yodzaza, akukukuta mano pakati pa mutu ndi mutu. Madzulo amakabwezera m'nsapato kuti msana uwafikitse kunyumba. Ndiye poyenda mumsewu, anthu akamawapatsa moni mbali zonse, iwo amayankha atazolika, akuyang'ana nsapato za anthuwo, osalola maso kufika pamphumi. Pa msewu uja amati a Lumo ukalamba wawaphunzitsa kudzichepetsa.